Tsiku limene ndinagwetsa ndege

Ine ndine mphunzitsi wa kalasi yoyamba pa sukulu ina ya kumudzi, m'boma la Tsangano. Nkhani iyi ndi yaitali. Caka cino simungathe kuiwerenga nokha. Pemphani amayi, abambo, acemwali kapena acimwene kuti akuwerengereni, pang'ono lero, pang'ono mawa. Inu cherani khutu. Pamene pali nambala, ikanipo cala.

Tsiku lina m'mawa tinali kuyeza misinkhu m'kalasi mwathu. Mwana aliyense anali kuima pakhoma, ine n'kulemba kamzere ndi coko pamwamba pa mutu wake. Kenaka tinali kuyeza ndi rula kucokera pansi kufika pa kamzereko. Panali kamnyamata kena, kakafupi kuposa anzake onse. Koma titayang'ana pakhoma, mzere wake unali pamwamba pa mizere yonse!

Kalasi yonse inafuula kuti: "Wabera, aphunzitsi! Anaima pa njerwa!"

Ndinayang'ana pansi. Njerwa inalipodi, ija timaika pacitseko kuti mphepo isacimenyetse.

Kamnyamatako sikanacite manyazi. Kanati: "Koma aphunzitsi, mutu wanga unafikadi pamenepo. Sindinaname."

Ndinafuna kukakalipira, koma ndinaleka. Mwanayo ananena zoona. Mutu wake unafikadi pa mzere uja. Rula nayonso sinaname. Colakwika cinali cimodzi: tinayamba kuwerenga pamalo olakwika. Msinkhu wa munthu umayambira kumapazi ake. Ife tinayambira pansi pa njerwa. Ziro wathu tinamuika posayenera.

Ndinaleka kukalipa cifukwa inenso ndinapusitsidwapo motero. Ine sinali njerwa. Linali phiri. Ndipo ndinagwetsa ndege.

Musaope. Palibe munthu amene anafa. Inali ndege ya m'kompyuta.

Pamene ndinali ku Instituto, kuphunzira nchito ya uphunzitsi, ndinali ndi mnzanga wa ku Moatize. Acimwene ake anam'patsa kompyuta yamphamvu. M'kompyutamo munali sewero lochedwa DCS World, limene amapanga a kampani ya Eagle Dynamics. Si sewero la cibwana ayi. Anatsanzira ndege zenizeni za nkhondo, mawochi ake, mabatani ake, mitambo, mphepo ndi mapiri. Ukalakwitsa, ndege imacita zimene ndege yeniyeni ingacite. Ife tinali kuyendetsa ndege ya ku Russia yochedwa Su-25T, pakuti imeneyo amapereka ulere. Ndinaikonda cifukwa mawochi ake amawerenga mamita, monga ife kusukulu. Ndege zambiri padziko zimawerenga mafiti.

Loweruka lina madzulo mnzangayo anandisiyira kompyuta. Ndinanyamuka pa bwalo la ndege la Batumi, mzinda wa m'dziko la Georgia, m'mphepete mwa Nyanja Yakuda. Ndinakwera, ndinakwera, kufikira muvi wa wochi ina unaloza mamita 1,000. Wochi imeneyi siuza nthawi. Imauza woyendetsa kuti wakwera bwanji. Pa Cipwitikizi amaicha altímetro. Ife tiiche wochi ya msinkhu.

Ndinalowa m'mitambo. Kunja kunali mbuu, ngati nkhungu ya kwathu mwezi wa Juni. Ndinakhotetsa ndege kulunjika kumtunda, ndipo ndinadina batani lina limene mnzanga anandionetsa. Batani limeneli limadzutsa makina oyendetsa ndege okha. Umawauza kuti: "Gwirani pomwepa. Musakwere, musatsike." Makinawo anagwiradi. Muvi unaima pa 1,000, osagwedezeka. Ndinacotsa manja. Ndinadzimva ngati munthu wamkulu. Ndinatenga mtedza wokazinga n'kuyamba kutafuna.

Mwadzidzidzi, mitengo! Miyala! Phoo! Galasi lonse la kompyuta linadzaza moto.

Ndinakwiya. Mnzanga atabwera ndinati: "Makina akowa ndi abodza. Muvi unali pa 1,000. Ndinauona ndi maso angawa. Munthu angagunde bwanji pansi ali pa mamita 1,000?"

Iye anaseka mpaka misozi. Anati: "Amwene, mamita 1,000 kucokera pati?"

Funso limeneli linanditengera masiku ambiri. Lero ndikufuna kuti tiliyankhe pamodzi.

Tiyambe ndi mpweya. Tambasulani dzanja. Muli ciyani m'dzanjamo? Mukuti mulibe kanthu. Koma muli mpweya, ndipo mpweya umalemera. Pamwamba pa mutu wanu pali mpweya wambiri, wosanjikizana kufika kutali kumwamba. Ganizani matumba a mbatata amene asanjidwa m'galimoto yopita kumsika. Thumba la pansi limapsinjika kwambiri, cifukwa lasenza anzake onse. Thumba la pamwamba silimva kanthu. Mpweya ulinso conco. Mpweya wa ku Beira, kunyanja, wasenza mpweya wonse wa pamwamba pake. Ndi wothinana, wolemera. Mpweya wa pamwamba pa phiri wasenza wocepa. Ndi wopepuka.

Ife a ku Tsangano ndi a ku Macanga timakhala pamwamba. Midzi yathu yambiri inapitirira mamita 1,000 pamwamba pa nyanja. Furancungo nayenso anapitirira pamenepo. Phiri la Domwe, kwa anansi athu a ku Angónia, limafika mamita 2,095. Koma mzinda wa Tete uli pansi, m'mphepete mwa Zambezi, ndipo sufika ngakhale mamita 200. Munthu akakwera mamita 1,000, kumazizira ndi madigiri 6 kapena 7. N'cifukwa cake kwathu timalima mbatata, tirigu, kabici ndi mapicesi, pamene ku Tete kuli milambe ndi masawu. N'cifukwa cake inu mumabwera kusukulu mukunjenjemera, pamene ana a ku Tete akutuluka thukuta.

Amayi athu amazidziwa zimenezi, ngakhale sanazione m'buku. Nyemba za kuno zimacedwa kupsa. Kunyanja madzi amawira akafika madigiri 100. Pa mamita 1,500 amawira pa madigiri 95 okha, cifukwa mpweya wopepuka suwapsinja mokwanira. Amabwata msanga, koma asanatenthe kwenikweni. Mphika ukulira, nyemba zikadali zolimba, nkhuni zikutha. Tsono mwana iwe, nyemba zikacedwa, usanene kuti amayi sadziwa kusonkha moto.

Ine kulemera kwa mpweya ndinakuona ndi botolo. Ndinali kuyeserera kuphunzitsa pa sukulu ina kufupi ndi Furancungo, ndipo ndinanyamuka ulendo wa ku Tete pa xapa. M'mawa ndinamwa madzi onse a m'botolo la pulasitiki. Ndinalitseka zolimba, lopanda kanthu, n'kuliika m'cikwama. Panjira makutu anga anatsekeka, ndinameza malovu, anatseguka. Titafika ku Tete ndinapeza botolo lija litafinyika, ngati wina walipondapo. Mumtima ndinawaganizira abambo ena amene anakhala pafupi nane, kuti anakhalira cikwama canga. Ndimawapepesa abambowo, kulikonse kumene ali. Sanali iwo. Unali mpweya wolemera wa ku Tete umene unafinya botolo, pakuti m'kati mwake munali mpweya wopepuka wa ku Furancungo. Pobwerera ndinalitsekera ku Tete. Nditafika kumtunda linali litafufuma, gwaa, ndipo potsegula linati psii.

Anthu anzeru anazindikira zimenezi kalekale. Ku Italy kunali munthu dzina lake Evangelista Torricelli. Iye anatenga kapaipi ka galasi kotseka mbali imodzi, nathiramo mercúrio. Mercúrio ndi citsulo camadzimadzi, conyezimira, colemera, cija ena okumba golide amagwiritsa nchito. Ndi poizoni, ana inu, musadzacikhudze. Torricelli anazondotsa kapaipi kaja m'mbale ya mercúrio. Mercúrio sanatsike yense. Anaima pa msinkhu wa masentimita pafupifupi 76. Cimene cinamugwira ndi mpweya umene unali kupsinja m'mbalemo.

Ku France kunali winanso, Blaise Pascal. Iye anati: "Ngati ndi mpweyadi, pamwamba pa phiri mercúrio atsika." Ndanena m'mawu anga, si mawu ake enieni. Mu Sepitembala 1648 mlamu wake, Florin Périer, anasenza kapaipi kotere kukwera phiri la Puy de Dôme. Pamwamba pa phiri mercúrio anatsikadi, ndi masentimita pafupifupi 8. Anthu anadabwa kwambiri. Ine cimene cinandiseketsa n'cakuti phiri lochukali ndi la mamita 1,465 okha. Iwo anakwera ndi thukuta kufika pamenepo. Ife pa msinkhu wotero timalima, timapalira, timasewera mpira.

Tsono mverani. Botolo langa lija lili m'ndege iliyonse. M'kati mwa wochi ya msinkhu muli kacitini kathyathyathya, ka citsulo copyapyala, kotsekedwa zolimba. Ndege ikakwera, mpweya umapepuka, kacitini kamafufuma, ndipo kamakankha muvi kupita kutsogolo. Ndege ikatsika, mpweya umalemera, kacitini kamafinyika, muvi umabwerera. Ndege zatsopano zimaonetsa manambala pa galasi m'malo mwa muvi, koma nzeru yake ndi yomweyo. Wochi ya msinkhu ilibe maso. Siona phiri, siona mtengo, siona mtsinje. Imangomva kulemera kwa mpweya, basi.

Ndipo pali bvuto lina. Mpweya sulemera cimodzimodzi masiku onse. Lero ungalemere, mawa ungapepuke, makamaka kukamabwera mvula yamkuntho. Ndege ingagone pa bwalo usiku wonse osasuntha, koma m'mawa n'kupeza muvi wasuntha. N'cifukwa cake pambali pa wochiyi pali kagudumu kakang'ono, ndi kazenera koonetsa nambala. Oyendetsa ndege amakacha kazenera ka Kollsman, dzina la Paul Kollsman amene anapanga wochi yolondola ya mtundu umenewu mu 1928. Woyendetsa akapotoza kagudumu, nambala ya pa kazenera imasintha, muvi nawo umasuntha. Mnzanga anandionetsa ndege itaima pansi. Anapotoza uku, muvi unakwera. Anapotoza uko, muvi unatsika. Ndege ili pomwepo, matayala ali pansi. Kagudumu kameneka ndi kamene kamauza wochi kuti ziro ali pati.

Woyendetsa angaike ziro pa bwalo limene waimapo. Kumeneko ndiye kuyeza kucokera kumapazi. Koma ndege siikhala pamalo amodzi ngati mwana pakhoma. Tiyerekeze kuti waika ziro pa bwalo la Chingodzi, ku Tete, limene lili mamita pafupifupi 160 pamwamba pa nyanja. Wanyamuka kupita ku Lilongwe. Bwalo la Kamuzu ku Lilongwe lili pa mamita 1,230. Akadzatera kumeneko, matayala ali pansi, wochi yake idzakhala ikunena kuti akadali m'mwamba mamita oposa 1,000. Acimwene a kalasi yacitatu angathe kucotsera: 1,230 kucotsa 160, yankho 1,070.

Conco oyendetsa ambiri amaika ziro pa nyanja. Nyanja yamcere ndiyo pansi pa kalasi ya dziko lonse. Mapiri onse olembedwa pa mapu anayezedwa kucokera pamenepo. Woyendetsa akadziwa kuti iye ali pa 3,000, ndipo Domwe ali pa 2,095, amadziwa kuti adutsa bwino. Koma kuti ziro akhaledi pa nyanja, ayenera kudziwa kulemera kwa mpweya kwa tsiku limenelo, pamalo amenewo. Nambala imeneyi amapatsidwa pa wailesi ndi anthu amene amakhala m'nsanja ya pa bwalo la ndege. Dzina lake ndi zilembo zitatu: QNH. Woyendetsa amaimva, amaibwereza mokweza, amapotoza kagudumu.

Akakwera kutali, kopitirira mapiri onse a dera limenelo, oyendetsa onse amaika nambala imodzi, 1013. Kumeneko coopsa si phiri. Coopsa ndi ndege inzake. Onse akayeza ndi ziro mmodzi, wina akakhala pamwamba, wina pansi, sangagundane. Pa mawochi a ku Russia, monga a m'sewero lija, nambala yomweyi imalembedwa 760. Amenewo ndi mamilimita a mercúrio, masentimita 76 aja a Torricelli.

Nanga makina oyendetsa okha aja? Pa Cipwitikizi amati piloto automático. Mu Juni 1914, kufupi ndi Paris, mnyamata wa ku America dzina lake Lawrence Sperry anaonetsa anthu makina otere. Anaulutsa ndege pamwamba pa mtsinje wa Seine atakweza manja onse m'mwamba, mnzake akuyenda pa phiko. Ndege sinapendekeke. Makina a Sperry anali ongoletsa ndege kupendekeka. Pambuyo pake anthu anawaphunzitsa nchito zina, ndipo imodzi mwa izo ndi kugwira msinkhu. Amamvera kulemera kwa mpweya. Ukapepuka pang'ono, amati "takwera," n'kuweramitsa mphuno ya ndege. Ukalemera pang'ono, amati "tatsika," n'kuidzutsa. Satopa, sagona, sadya mtedza. Ndi omvera kuposa mwana aliyense amene ndinam'phunzitsapo. Koma ali ngati mwana amene wauzidwa kuti "yenda molunjika" atamangidwa nsalu kumaso.

Tsopano mwaona cimene cinandicitikira. Batumi ali panyanja. Ziro wanga anali panyanja. Ndinauza makina kuti agwire pa mamita 1,000 pamwamba pa nyanja, ndipo anagwira. Koma kumtunda kwa Batumi kuli mapiri opitirira mamita 1,000. Ndege sinatsike. Nthaka ndi imene inakwera kudzakumana nane. Zili ngati kunyamuka ku Chingodzi, kukwera mamita 1,000, n'kulunjika kwathu ku Tsangano m'kati mwa nkhungu. Ungathere m'munda wa mbatata wa munthu, muvi ukadali pa 1,000.

Mnzanga anandionetsa wochi ina imene sindinaisamale. Imeneyo siimvera mpweya. Imatumiza mafunde a wailesi pansi, ndipo imadikira kuti abwerere, monga mawu anu amabwerera mukafuula pafupi ndi phiri. Akabwerera msanga, nthaka ili pafupi. Ndege ija inali ndi mabatani awiri ogwirira msinkhu, lina lomvera mpweya, lina lomvera wailesi. Ine ndinadina loyamba osafunsa.

Tsono ikani cala pa manambala awiri awa: 1001 ndi 1011. Yang'anani bwino. Akusiyana pati? Pa malo acitatu, wina ali ndi 0, wina ali ndi 1. Kusiyana kwake ndi 10. Pa wochi ya msinkhu, nambala imodzi ya pa kazenera ndi mamita pafupifupi 8. Khumi ndi mamita oposa 80.

Pa 23 Meyi 2022 ndege yaikulu ya mtundu wa Airbus A320 inali kucokera ku Stockholm kupita ku Paris, itanyamula anthu oposa 170. Imeneyi sinali ya m'kompyuta. Kunali mvula ndi mitambo. Nambala yolondola ya tsiku limenelo inali 1001. Munthu wa m'nsanja, polankhula Cingerezi, anaphonya n'kunena 1011. Kwa ndege ina, polankhula Cifalansa, ananena bwino, 1001. Oyendetsa Airbus ija anabwereza 1011, anapotoza kagudumu, anayamba kutsika. Wochi inali kuwauza kuti ali pamwamba, pamene anali pansi ndi mamita oposa 80. Bwalo sanali kuliona. Ataona kuti silikuoneka, anaganiza zokweranso. Pamene ndege inali kuleka kutsika, matayala ake anatsala mamita osakwana 2 kuti agunde pansi, kunja kwa bwalo. Mamita 2 ndi msinkhu wa citseko ca kalasi yathu. Anakwera, anazungulira, ndipo ulendo waciwiri analiona bwalo n'kutera bwino. Anthu onse anatsika ali moyo.

Nkhani imeneyi imandigwira mtima ngati mphunzitsi. M'kalasi ndimanena, ana amabwereza. Ndimati "zisanu," onse amati "zisanu." Oyendetsa aja nawo anabwereza bwino lomwe, koma anabwereza colakwika. Tsiku lina ndinalemba 12 pa bolodi m'malo mwa 21. Ana onse anakopera. Nditazindikira, mtsikana wina anati capansipansi: "Ndinaona, aphunzitsi, koma ndinaopa." Makolo anzanga, inu mumaphunzitsa ana ulemu, ndipo mumacita bwino. Ine sindifuna mwana wamwano. Koma mwana amene waona kuti nambala yanga yasiyana ndi imene akuidziwa, aimike dzanja. Sindidzamumenya. Ndidzayang'ananso pa bolodi.

Mbali yotsala ya nkhaniyi ndi ya akuluakulu makamaka. Ana angathe kumvera ali pa miyendo yanu.

Pa chuthi ndinapita kumudzi, ndipo ndinawafotokozera agogo anga aakazi za ndege imene ndinagwetsa. Ndinali kuseka. Ndinayesa kuti nawonso aseka. Anali kusankha nyemba m'licero. Anaima, nandiyang'ana.

"Ndege ya nkhondo, iwe n'kuiyesa coseweretsa?"

Ndinati: "Ndi za m'kompyuta cabe, agogo. Safa munthu."

Anati: "Iwe unabadwa mfuti zitakhala cete. Ife tikamva kulira kumwamba, sitinali kufunsa kuti ndi ya yani. Tinali kugona pansi m'cimanga, amako ndili nawo kumsana."

Agogo anathawa nkhondo ya zaka 16, monga anthu ambiri a ku Tsangano, ku Angónia ndi ku Macanga. Anawolokera ku Ntcheu, ku Malawi. Anabwerera pambuyo pa mtendere umene unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Ine ndinacita manyazi. Ndikubvomera kuti m'sewero lija ndinaponyapo mabomba, ndipo ndinakondwa kuona utsi. Sindinganene kuti sewerolo ndi loipa lonse, pakuti ndi limene linandiphunzitsa zonse ndakuuzanizi. Koma kucokera tsiku limenelo ndinali kungonyamuka, kudutsa mapiri ndi kutera. Ndipo ndinapeza kuti kutera m'nkhungu n'kobvuta kuposa kuponya bomba.

Kenaka agogo anati: "Ndege ndi phiri si zoseketsa. Samora anapita conco."

Ana inu, mukadzapita ku Tete mudzawoloka mlatho wa Samora Machel. Iye anali Pulezidenti woyamba wa dziko lathu. Usiku wa pa 19 Okutobala 1986 anali kubwerera ku Maputo kucokera ku msonkhano ku Mbala, m'dziko la Zambia, pa ndege ya mtundu wa Tupolev Tu-134. Oyendetsa anali kutsika, poganiza kuti ayandikira Maputo, kumene dziko ndi lacidikha, pafupi ndi nyanja. Koma ndege inali itakhotera kudzanja lamanja, kulowera ku mapiri a Libombo. Belu locenjeza kuti nthaka yayandikira linalira masekondi 32. Ndege inagunda phiri pa Mbuzini, m'dziko la South Africa, mamita oposa 600 pamwamba pa nyanja. Anafa anthu 35, Pulezidenti pamodzi ndi anzake.

Cimene cinakhotetsa ndegeyo anthu akutsutsanabe. Ofufuza a ku South Africa, imene nthawi imeneyo inali pansi pa boma la tsankho, anati oyendetsa ndi amene analakwitsa. Akatswiri a ku Soviet Union anati panali cizindikiro cabodza ca wailesi cimene cinaikokera kumapiri, ndipo anthu ambiri a ku Mozambique amakhulupirira zimenezo. Ine ndine mphunzitsi wa kalasi yoyamba, mlanduwo sindingauweruze. Cimene ndinamvetsa n'cakuti msinkhu umene uli wabwino pamwamba pa Maputo ndi imfa pamwamba pa Libombo. Wochi ya msinkhu ingakuuze kuti wakwera bwanji. Singakuuze kuti uli kuti. Pa Mbuzini anamangapo cikumbutso, cimene anatsegula Nelson Mandela ndi Joaquim Chissano mu 1999. Pali mapaipi acitsulo 35, paipi imodzi munthu mmodzi. Mphepo ikaomba, amalira.

Tibwerere m'kalasi mwathu. Tsiku la njerwa lija tinafufuta mizere yonse, n'kuyambanso. Ndinalemba 0 wamkulu pansi penipeni pa khoma. Mwana aliyense anabvula nsapato, amene anali nazo. Kamnyamata kaja kanakhalanso kakafupi kuposa onse, ndipo kanafuna kulira. Ndinakapatsa nchito: kukhala wa m'nsanja. Mwana asanayezedwe, iko kamayang'ana kumapazi n'kufuula kuti: "Ziro ali pansi!" Woyezedwa amayankha kuti: "Ziro ali pansi!" Tsopano ndege ikadutsa pamwamba pa sukulu yathu, ana amathamangira panja monga kale, koma wina amafunsa kuti: "Aphunzitsi, imeneyo ziro wake ali pati?" Ikakhala kutali, yosiya mzere woyera kumwamba, ndimayankha kuti pa kazenera kake pali 1013.

Inunso yesani kunyumba. Imani pakhomo, amayi alembe kamzere ndi khala. Kenaka imani pa mpando, alembenso. Funsani agogo kuti mzere woona ndi uti.

Pa zenera la kalasi yathu pali botolo la pulasitiki lopanda kanthu. Tinalitseka tonse pamodzi m'mawa wina wa cisanu, ndipo ana analemba pa kapepala kuti "mpweya wa ku Tsangano." Likudikira ulendo. Kholo limene lipite ku Tete kapena ku Moatize mwezi uno, conde lidzere kusukulu kudzalitenga. Musalitsegule panjira, ndipo musaliike pansi pa matumba. Mukafika, liyang'aneni, mudzatiuze mmene linaonekera. Kenaka mulitsegule, mulifufumitse bwino, mulitsekenso zolimba, mutibweretsere mpweya wa ku Tete. Ana akufuna kumva psii.